Benzi Imene Anagula Mahdi

Kalingalinga, Lusaka
15 Januwale 1995

Amake Thuwaiba,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino inu ndi ana kumeneko ku Ntaja, komanso amayi anu amene munati mwendo unawatupa. Ine ndili moyo, Alihamudulillahi, kungoti chifuwa cha mvula chagwira komboni yonse ndipo nanenso sichinandilambalale.

Za feteleza ndamva. Ndapatsira a Shehe a mzikiti wathu kangachepe, akunyamuka Lachinayi. Mugule matumba awiri, zotsalazo mumusokere Thuwaiba yunifolomu. Mbuzi ya bere ija musagulitse, ngakhale achimwene anu akukakamizeni.

Kuntchito zinthu sizili monga kale. Kampani yathu ya boma ija aigulitsa. Sabata yatha kunabwera anthu atatu ndi mapepala, kuwerenga mipando ndi magalimoto. Bwana wamkulu amene ndamuyendetsa zaka khumi ndi chimodzi wachoka osatsanzika. Ife madalaivala atiuza kuti tiyambe tadikira kunyumba. Izi musauze anthu, ndidzakuuzani zikadzaoneka mutu wake.

Chimene chikundiwawa ndi Benzi ya kampani imene ndinkamuyendetsamo bwanayo. Aimata pepala la nambala pagalasi, akuti aigulitsa pa okushoni mwezi wamawa. Galimoto imeneyo ndinakaitenga ine mipando ikadali m'mapulasitiki. Ndimaidziwa kulira kwake m'mawa kukazizira, ndimadziwa chitseko chimene chimafuna kukankha ndi bondo. Akatipatsa msanga ndalama za utumiki wathu, mwina ndingayesere kuigula. Musaseke.

Mahdi, mwana wa amayi aang'ono, akupereka moni. Simungamuzindikire, wanenepa. Salaula, kaunjika wa kuno, wamukweza. Ali ndi mabenchi atatu kumsika ndipo mkazi wake Jasmin akuvala ndolo zagolide. Ndikamuona ndimakumbuka tsiku limene anatsika basi ndi kajumbo kamodzi, n'kugona pansi m'chipinda changa chaka chathunthu. Mulungu amagawa mmene wafunira.

Ndine bambo wa ana anu,
Haidar


Kalingalinga
19 Febuluwale 1995

Amake Thuwaiba,

Asalamu alaikumu. Mwaswera bwanji ndi swaumu, kusala kudya kwa Ramadani? Ine ndikumanga bwino, chifuwa chinatha. Thuwaiba musamukakamize kumanga tsiku lonse, akadali wamng'ono.

Okushoni inachitika Loweruka lapita. Ine ndinapita kukangoona, poti za utumiki zija sizinatuluke. Ndinaima kumbuyo, pafupi ndi mpanda. Atafika pa Benzi anthu anayi anayamba kukweza manja, kenaka awiri, kenaka mmodzi. Nditasuzumira kuti ndione nkhope ya mmodziyo, ndinapeza ndi Mahdi.

Sanandiuzeko kanthu, ngakhale Lachisanu tinaswali moyandikana. Anabwera kwa ine makiyi ali m'manja, akuseka, n'kunena kuti, "Achimwene, ndithandizeni kuitulutsa pageti, giya yobwerera m'mbuyo sindikuipeza." Anzanga akuntchito onse anali pomwepo. Ndinalowa, ndinaitulutsa, ndinaiyendetsa mpaka ku komboni ya George kumene amakhala.

Inu ku George simukudziwako. Tinjira take n'topanikizana, ndipo mvula ino ndi zithaphwi zokhazokha. Benzi ndi yotsika. Inakhula mimba pamwala kawiri, ine kumva ngati ndakhulidwa ine. Azimayi amene anali pamzere wotunga madzi anasiya ndowa kubwera kudzaigwira. Pakhomo pa Mahdi sinafike, njira inachepa. Tsopano imagona pamalo omwetsera petulo, kumsewu waukulu, iye n'kuyenda wapansi mpaka kunyumba, nsapato zili matope. Munthu wogula galimoto yosafika pakhomo pake, inu mumuona bwanji?

Pakali pano ndikugwira ganyu pagalaja ya ba Chisala, makaniko wa kuno ku Kalingalinga. Ndi munthu wachikulire wosayankhulayankhula. Amandipatsa zotsuka, zomasula, nthawi zina kuyesa galimoto pamsewu. Za Idi ndidzayesetsa, koma nsalu zatsopano chaka chino musayembekezere. Anawo muwauze kuti bambo awo sanawaiwale.

Haidar


Kalingalinga
26 Malichi 1995

Amake Thuwaiba,

Asalamu alaikumu. Ndasangalala kumva kuti amayi anu ayamba kuponda. Ine ndili bwino.

Kalata yanu ndinaiwerenga katatu. Pamasamba awiri amene munalemba, tsamba limodzi lonse ndi la Mahdi. Mwati amayi aang'ono akuyenda khomo ndi khomo kunena za galimoto ya mwana wawo. Mwati anthu akufunsa ngati ndi yomwe ija ili pachithunzi cha pakhoma pathu, chimene ndinajambulitsa nditatsamira chitseko. Ndi yomweyo. Ine sindinanenepo kuti ndi yanga, anthu ankangoganiza okha, ndipo inu simunawatsutse. Chithunzicho muchichotse, muchiike m'sutikesi. Mwatinso Mahdi ndi mnyamata wanzeru. Ine zaka zonsezi simunandilemberepo mawu amenewo.

Mukufuna kudziwa za galimotoyo, ndiye imvani. Loweruka lililonse eni ma Benzi amakumana pagalaja pathu, pansi pa mtengo wa mapeyala. Pali ba Mukupa, amene anapuma ntchito kubanki, ali ndi yobiriwira yakale. Pali ba Virginia, mayi wamalonda amene amakatenga katundu ku Joni, yawo ndi yaing'ono yoyera. Tsopano pawonjezeka Mahdi. Amakhala pamipando yochotsa m'magalimoto akufa, ine ndili chagada pansi pa galimoto zawo, ndikumva zonse.

Dzulo ba Mukupa amamuuza Mahdi m'Chinyanja cha kuno kuti, "Iyi motoka siifuna munthu wa njala, mwana. Ukaika oyilo ya mumabotolo ya pamsewu, izakulanga. Gula yosindikiza, na fyuluta uchinje pamodzi." Mahdi anafunsa mtengo wa fyuluta. Atamuuza kuti ikufanana ndi thumba la ufa, anaseka mokakamiza.

Ba Virginia anati, "Ine nyenyezi ya pa boneti banaba katatu. Manje nikafika mu tauni nimachosa, naika mu chikwama." Ndipo anaitulutsadi m'chikwama, pamodzi ndi mpango ndi mafuta odzola.

Ubwino wake anautchulanso. Akuti kubanki mlonda amatsegula geti osafunsa dzina. Akuti pamsewu wautali simva mphepo, imakhala pansi ngati yamatidwa, ndipo munthu umatsika msana uli bwino. Ba Mukupa akuti yawo yazungulira mita yonse n'kuyambiranso, injini osatsegulidwapo. Koma petulo wakwera kawiri chiyambire Khirisimasi, ndipo iyi imamwa ngati ng'ombe ya m'chilimwe. Mashoko akatha, mpaka utume munthu ku Harare. Pa maliro a wachibale aliyense ndiwe wotsogolera, petulo wako. Ba Virginia anati chigulireni yawo achibale awo anachuluka kawiri.

Zonsezi ine ndimazidziwa kuposa iwo atatu kuphatikiza. Palibe anandifunsa. Mahdi anangoti, "Achimwene, mukatha pamenepo mupukuteko magalasi." Ndinapukuta. Mkati mwadzaza fungo la mabelo a salaula, poti amanyamuliramo katundu pampando wachikopa pamene pankakhala bwana wamkulu. Waung'amba kale pamalo amodzi.

Chimanga mukakolola musagulitse msanga.

Haidar


Kalingalinga
7 Meyi 1995

Amake Thuwaiba,

Asalamu alaikumu. Ine ndilipo. Sindikugona bwino, koma si matenda.

Mwamva kale kuti Mahdi akubwera kudzadyera Idi ya nsembe kumudzi, pa Benzi, ndi Jasmin ndi khanda lawo. Akunyamuka mawa m'mawa. Anabwera kuno kudzandipempha kuti ndiwayendetse, poti iye sanayendepo ulendo wautali. Anati andilipira bwino, ndipo ndidzakuonani inu ndi ana. Ndinakana. Mundikhululukire, ndakusowani, koma ganizani nokha. Ndifike pabwalo la amayi anu, nditsike, ndizungulire kukatsegulira chitseko mwana amene ndinamuphunzitsa kukwera minibasi? Achimwene anu ataima pamenepo akuonerera? Ndinamuuza kuti ba Chisala sangandilole.

Dzulo anabweretsa galimoto kuti tiikonzekeretse. Eni ma Benzi aja analipo, aliyense ndi malangizo ake. Ba Mukupa anati anyamule lamba wa injini wapadera ndi zigubu ziwiri za madzi, chifukwa mapiri a kutsidya kwa Luangwa amayesa galimoto. Ba Virginia anati asayende ndi matayala osiyana, ndipo mapepala a pachipata cha Mwami akhale pafupi. Ba Chisala anasintha oyilo, anaona mabuleki, kenaka anati, "Ba Haidar, imwe muiziba iyi. Ngenani pansi muone vonse."

Ndinalowa pansi. Ndinakhalako nthawi. Nditatuluka Mahdi anandifunsa pamaso pa onse kuti, "Achimwene, inu mwaiyendetsa zaka khumi ndi chimodzi. Chilipo chimene ndiyenera kudziwa?" Anali atavala mkanjo watsopano woyera, makiyi akuwazunguza pachala. Ndinapukuta manja ndi kunena kuti palibe, ipite.

Katundu wanu sindinaike m'galimotomo. Shuga, sopo ndi nsapato za Thuwaiba zibwera ndi a Shehe pa basi, pamodzi ndi kalata ino. Musafunse chifukwa. Ndipo anthu akamapita kumsewu kukachingamira, inu musavutike kuima padzuwa. Galimoto zakale zili ndi nthawi yake yofikira.

Idi yabwino.

Haidar


Nyimba
12 Meyi 1995

Amake Thuwaiba,

Asalamu alaikumu. Ndikulemba ndili pakhonde la chipatala ku Nyimba, pepala ndapempha kwa anamwino. Ine sindikudwala. Wagonekedwa ndi Mahdi.

Mwina uthenga wafika kale mosokonekera, ndiye imvani kwa ine. Ali moyo. Jasmin ndi mwana ali bwino. Galimoto inatentha pokwera mapiri, atangodutsa mlatho wa Luangwa. Inayamba kufuka nthunzi, iye anaima, anatsegula boneti. Munthu wodziwa amadikira kuti injini izizire. Iye sankadziwa. Anatsegula chivundikiro cha ladiyeta pomwepo kuti athiremo madzi a ba Mukupa aja, ndipo madzi owira anamuthira kumaso ndi dzanja lamanja.

Pamalopo palibe mudzi pafupi. Jasmin anakhala m'mphepete mwa msewu kuyambira dzuwa lili pamutu mpaka litapendeka, khanda kumsana, mwamuna wake akubuula pansi pa mtengo, mpaka lole ya thonje inawatenga. Uthenga unatipeza kumzikiti tsiku la Idi, titangomaliza swala. Ndinakwera basi yoyamba.

Nkhope yake aikulunga yonse, pangotsala pakamwa ndi diso limodzi. Ndikumumwetsa phala ndi supuni. Diso lakumanzere adokotala akuti tidikire. Dzulo anandigwira mkono ndi dzanja labwinolo n'kunena kuti, "Achimwene, mukanakhalapo inu izi sizikanachitika." Ndinatuluka kukatsuka mbale imene inali yotsuka kale.

Ine ndimaganiza kuti ingoima panjira, akwere basi ngati anthu ena onse. Sindinaganize zoposa pamenepo. Mulungu ndi mboni.

Mupite kwa amayi aang'ono mukawatonthoze. Muwauze kuti ndili naye pafupi.

Haidar


Kalingalinga
25 Juni 1995

Kulthum, mkazi wanga,

Asalamu alaikumu. Makalata anu awiri anafika, sindinayankhe chifukwa ndimasowa poyambira. Thupi lili bwino. Munandifunsa kuti mawu aja ndinalemba ku Nyimba, oti ndimaganiza kuti ingoima panjira, akutanthauzanji. Munawalemba pansi pa tsamba, paokha. Ndikuyankhani.

Zaka zinayi zapitazo, pamene kampani inalibe ndalama zakunja zogulira zipangizo, paipi yapansi yotenga madzi ku ladiyeta inang'ambika. Ndinaikulunga ndi chubu cha njinga, n'kumanga ndi waya. Ili pobisika, munthu saiona asanagone pansi. M'tauni inkapirira. Tsiku limene ba Chisala anandituma kulowa pansi, ndinaipeza itatupa, ikudontha. Ndinaigwira ndi chala, chinanyowa. Paipi yatsopano inalipo m'sitolo ya ku Kamwala, ntchito ya ola limodzi. Ndinatuluka n'kunena kuti palibe.

Galimotoyo tinakaikoka ndi lole ya ba Virginia. Loweruka lotsatira eni ma Benzi aja anaizungulira. Ba Virginia anati Mahdi angoigulitsa kwa ophwasula, poti mutu wa injini wapindika ndipo gasiketi mpaka ku Harare. Ba Mukupa anakana. Anati, "Iyi motoka siimafa yeka. Ni banthu bamaipaya." Ba Chisala anali pansi. Anatuluka ndi paipi ija m'manja, anaitembenuza, anayang'ana mapotedwe a waya. Miyezi inayi ndakhala ndikumanga waya pagalaja pawo, dzanja langa akulidziwa. Onse atapita anandipatsa paipiyo n'kunena kuti, "Ba Haidar, ine sinizakamba. Koma pano musabwere Mande ngati simunapite ku George."

Ndinapita Lamlungu masana. Mahdi anali pampando panja, akuwothera dzuwa. Mabandeji anachotsa. Tsaya lakumanzere layera mawangamawanga mpaka kukhutu, ndipo diso la mbali imeneyo limangoona mbuu. Ndinaika paipi patebulo ndipo ndinanena zonse, monga ndakuuzirani inu. Jasmin anali pakhomo ndi beseni la matewera. Analiika pansi, analowa m'nyumba, anatseka chitseko.

Mahdi anaitenga paipiyo n'kumaisisita. Kenaka anati, "Mukukumbuka chaka chimene ndinkagona pansi kwanu? Tsiku lina munabwera ndi Benzi kudzadya masana. Ine ndinangogwira chiwongolero kudzera pawindo. Munandimenya dzanja pamaso pa atsikana a nyumba yoyandikana, n'kunena kuti iyi si ya anthu onunkha thukuta." Ine ndinali nditaiwala. Iye anati tsiku la okushoni panali magalimoto abwino kuposa iyi, otsika mtengo, oti akanafika pakhomo pake. Anafuna iyiyi, ndipo anafuna kuti ine ndiione ikupita.

Ndinayembekeza kuti anditukwane kapena akandisumire kwa a Shehe. Iye anangoti, "Sindiigulitsa. Muikonze inu ndi manja anu. Ndi diso limodzi sindingayendetse, ndiye muziyendetsa inu, kumsika, ku Nakonde kokatenga mabelo, kulikonse. Musaganize kuti ndakukhululukirani, achimwene. Ndikungofuna dalaivala amene akuidziwa."

Ndavomera. Gasiketi inafika Lachitatu, injini tatseka dzulo, ndipo inalira bwino pongotembenuza kiyi kamodzi. Ndikuuzeni zoona, nditamva kulirako mtima unandipwetekanso monga kale, kuti si yanga. Ndimayesa kuti zimene zachitikazi zachotsa kaduka, koma kakadalimo. Ndikuyamba ntchito mawa. Jasmin sayankha moni wanga, ndipo wanena kuti iye ndi mwana wake aziyenda pa minibasi.

Tsopano ndili ndi pempho lolemera. Mahdi akuti kumudzi sauza munthu, amayi ake asadziwe. Koma amayi aang'ono alembetsa kwa munthu kalata yondithokoza kuti ndinasamala mwana wawo kuchipatala, ati andisungira tambala. Kalata imeneyo sindingathe kukhala nayo m'nyumba. Iwo sadziwa kuwerenga, ndipo sindifuna kuti mwana wasukulu awawerengere zoterezi. Mupite inu. Musatume munthu, musatenge Thuwaiba. Mupite m'mawa asanapite kudimba, mukhale pansi, muwauze za paipi monga ndalembera, osachepetsa. Akalira mukhale nawo. Akakuthamangitsani muchoke mwaulemu, musanditeteze.

Ndikudziwa kuti ndakusenzetsani katundu amene si wanu, ndipo mudzi umene muzikumana nawo pachitsime ndi wanu, osati wanga. Mukakana sindidzakudandaulani, ndidzabwera ndekha ikadzapezeka njira. Koma mukapita, mundilembere zimene anene, mawu onse, musachotsepo ngakhale amodzi.

Ndine mwamuna wanu,
Haidar